Utuchi wa mabodi m'manyowa a kudimba: nkhani ya mlimi wina wa kufupi ndi Nchalo

Ndimagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'chigwa cha Shire, mbali ya Chikwawa. Lipotili ndi la dimba limodzi, mayi mmodzi, ndi mulu umodzi wa manyowa umene tinachita kuuphwasula ndi manja. Ndalilemba motalika chifukwa funso limene mayiwa anandifunsa, lakuti kodi utuchi wa mabodi ndi chiphe m'dimba, layamba kumvekanso kwa alimi ena, makamaka oyandikana ndi misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Kumeneko mashopu a akalipentala achuluka, ndipo utuchi amangopereka ulere kwa aliyense wobwera ndi thumba. Mayina a anthu sindiwatchula.

Chiyambi chake

Mayiwa ali ndi dimba laling'ono chakumunsi kwa mudzi wawo. Amalima mpiru, repu, tomato ndi anyezi, ndipo amathirira ndi kheni kuchokera pachitsime chokumba pamanja. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi anasiya mchenga wochindikala pamwamba pa dothi lawo lakuda lija. Mchenga susunga madzi, susunganso chakudya cha mbewu. Akathirira m'mawa, dzuwa likafika paliwombo bedi lauma gwa ngati silinaone madzi. Feteleza anakwera mtengo, ng'ombe alibe, mbuzi ndi zowerengeka. Atamva pamsonkhano wa alimi kuti dothi lotere limabwerera ndi manyowa ambiri, anayamba kutolera chilichonse chowola chimene akanachipeza osatulutsa ndalama.

Wophunzitsa pamsonkhano umenewo ndinali ine. Ndinatchula mapesi, udzu, masamba a mitengo, ndowe ndi phulusa. Wina atafunsa za utuchi, ndinayankha kuti nawonso umawola, bola usakanizidwe ndi ndowe zambiri. Sindinasiyanitse utuchi wa thabwa lenileni ndi fumbi la mabodi opanga kufakitale. Apo ndinalakwitsa ndine, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi sindinaisiyire munthu wina.

Mwana wa achemwali awo amaphunzira ntchito pashopu ina ya kalipentala. Iye ndiye ankabweretsa matumba a utuchi panjinga madzulo akaweruka. Mayiwa anaunjika utuchiwo, n'kuthiramo manyowa a mbuzi ochepa amene anali nawo ndi udzu wa m'mbali mwa dimba. Patatha miyezi iwiri mulu unada kunja kwake, iwo n'kuganiza kuti wapsa. Anatapa n'kusakaniza m'mabedi atatu, n'kuwokeramo mpiru ndi repu. Masabata awiri asanathe bwino, mbewu zinachita chikasu n'kuima, osakulanso.

Chimene chinawathamangitsira kwa ine sichinali chikasucho ayi. Mnansi wawo anawauza kuti mabodi amamatidwa ndi mankhwala omwe aja amabayira maliro kumotchale. Anandipeza ndikutsika panjinga yamoto, mawu akunjenjemera.

"Alangizi, mundiuze chilungamo. Ndathira chiphe m'dimba mwanga? Ndinathyolako kamodzi, ana anadya. Nanga anthu amene ndimawagulitsa pamsika aja?"

Ndinawapempha kuti asathyolenso mpaka ndikaone ndekha, ndipo ndinapita m'mawa mwake.

Zimene ndinaona kudimba

Chikasucho chinayambira masamba akumunsi, tsamba lonse mofanana, osati mawangamawanga. Masamba apamwamba anali obiriwira motumbuluka, ang'onoang'ono. Nditazula zingapo, mizu inali yoyera bwino, yosawola, yopanda timatuza. Kuno kuchigwa munthu uyenera kuganizira kaye za mchere, chifukwa zitsime zina madzi ake ndi amchere. Koma mchere umawaula masamba m'mphepete ndipo umasiya zoyera pamwamba pa bedi likauma. Zimenezo panalibe, komanso bedi lachinayi limene sanathiremo manyowa aja linkamwa madzi a chitsime chomwecho ndipo linkaoneka bwinoko kuposa atatuwa.

Kenako tinapita pamulu wotsala. Ndinazika ndodo mpaka pakati, n'kudikira pang'ono, ndipo inatuluka yozizira. Titaukanganula ndi khasu, kuda kuja kunali kwa pamwamba pokha, kuchindikala ngati zala zitatu. Chikomekome cha mkuyu. M'kati munali utuchi wosasintha n'komwe mtundu, ndipo pena ndi pena munali zibuma za fumbi losalala ngati ufa woyera, zogwirana ngati chigumu chagonera. Nditathira madzi pachibuma chimodzi, anangotsetsereka n'kugwera pansi. Nditachiswa, m'kati munali mouma fumbi kuti kobo. Pansi penipeni pa mulu, pomwe madzi ankakhazikika, panali ponyowa kwambiri ndiponso ponunkha mowawasa.

Ndinabwereka lichero lakale, tinayamba kupeta pang'onopang'ono pamthunzi. Zimene zinatsala m'licheromo ndi izi: tizidutswa toyera tolimba ngati makoko a mazira, timizere ta pulasitiki tautali ngati chala, misomali iwiri yadzimbiri, nyenyeswa za penti wofiirira, kachidutswa ka sandipepa, zopala zakuda zonunkha oyilo wa galimoto, ndi zopala zina zobiriwira motuwa. Zobiriwirazo ndinaziika padera papepala. Mayiwa anaona kuti nkhope yanga yasintha pa zimenezi osati pa fumbi la bodi limene iwo ankaliopa, ndipo anandifunsa chifukwa chake. Ndinawauza kuti ndiwafotokozera ndikabwerako kushopu.

Kushopu

Mwini shopu ndi bambo waulemu, ndipo sanabise kanthu. Amapanga zitseko, mafelemu ndi mipando ndi matabwa a bulugamu, paini ndi malaina, mwa apo ndi apo mbawa akaipeza. Koma ntchito imene yachuluka masiku ano ndi makabati a kukhitchini, mashelefu, mawodiropu ndi mabokosi a maliro, ndipo zonsezi amapangira mabodi ochokera ku Blantyre. Matabwa a mitengo yachilengedwe asowa ndipo adula, pomwe bodi imabwera yosalala kale, yosafuna kupala. Mitengo ya denga amaipaka oyilo wakutha kapena mankhwala akuda kuti chiswe chisadye. Za zopala zobiriwira zija anavomera kuti panali kasitomala amene anabweretsa mitengo yonyikidwa kale m'mankhwala, yotsala pa zomangamanga, kuti amuchekere.

Madzulo anyamata amasesa zonse pamodzi n'kulongedza m'matumba.

"Ife timangoti utuchi ndi utuchi basi, alangizi. Wina akautenga ndiye watithandiza kusesa," anatero.

Palibe amene anachita dala apa. Kwa mmisiri zonsezi ndi zinyalala za mtundu umodzi, ndipo kwa mlimi zonsezi zikuoneka ngati mtengo wogaya.

Kodi m'bodi muli chiyani

Mabodi si amodzi. MDF ndi mtengo wogayidwa mpaka kukhala timaulusi tosalala, wosakaniza ndi guluu ndi phula pang'ono, n'kupsinjidwa ndi makina otentha. Chipibodi ndi chimodzimodzi, kungoti tizidutswa take n'tokulirapo, timaoneka ndi maso ukayang'ana m'mbali. Pulayiwudi ndi timapepala ta thabwa tomatidwa mopingasana. Pa makilogalamu 10 alionse a MDF, pafupifupi kilogalamu imodzi ndi guluu. Ndiye thumba la makilogalamu 20 la fumbi la MDF lili ndi guluu pafupifupi makilogalamu awiri. Phula lija ndi limene limachititsa kuti fumbili lizikana madzi, ndipo kusalala kwake n'kumene kumalichititsa kugwirana n'kutseka mpweya m'mulu, monga tinaonera pa zibuma zija.

Guluu wa MDF ndi chipibodi wamba amatchedwa urea-formaldehyde. Apa mnansi uja sananame kwenikweni. Mankhwala osungira maliro, formalin, ndi madzi okhala ndi formaldehyde pafupifupi magawo 37 pa 100 alionse. Koma m'bodi formaldehyde sali payekha. Anamangidwa pamodzi ndi yureya, yemwe uja wa feteleza, n'kuuma kukhala chinthu cholimba. Amatulukamo pang'onopang'ono, ndipo amatuluka msanga pakakhala kutentha ndi chinyezi. Zonse ziwirizi m'mulu wa manyowa kuno kuchigwa sizisowa.

Akatuluka amapita kuti? Wina amauluka, wina tizilombo ta m'nthaka timamudya. Sakhalitsa m'dothi ndipo saunjikana chaka ndi chaka. Kale alimi a nazale ankathira dala formalin m'dothi kuti aphe matenda, n'kuphimba, kenako n'kulisiya dothilo lipite mphepo kwa masabata angapo asanafese. Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri: akachuluka amaphadi tizilombo ta m'nthaka, tabwino ndi toipa tomwe, koma pakapita nthawi amatha. Ndiponso yureya ndi formaldehyde omwewa amaphatikizidwa dala m'mafakitale kupanga feteleza wosungunuka pang'onopang'ono wotchedwa ureaform, wokhala ndi nayitirojeni, chakudya chobiriwitsa mbewu, magawo 38 pa 100.

Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa imene ili ku Lyon m'dziko la France, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu m'chaka cha 2004. Fumbi la matabwa lenilenilo linali litaikidwa kale m'gulu lomwelo mu 1995. Koma pa zonse ziwirizi njira yake ndi yopuma, mwa anthu amene amazipuma kuntchito zaka ndi zaka. Ndikaganiza za guluu wa MDF, amene ndimamudera nkhawa kwambiri ndi mnyamata wocheka bodi uja, kuposa mwana wodya mpiru.

Sindikunena kuti fumbi la bodi ndi manyowa abwino. Pulayiwudi yopirira mvula amamatira guluu wina, phenol-formaldehyde, yemwe amaoneka ngati mzere wakuda mofiirira pakati pa timapepala, ndipo ameneyu sawola msanga. Chikutiro choyera cha mabodi a makabati ndi pepala lonyikidwa mu melamine, ndipo timizere tomata m'mphepete nthawi zambiri ndi pulasitiki wa PVC. Zimenezi ndiye zija tinazipeta m'lichero. Siziwola, zimangophwanyika kukhala ting'onoting'ono mpaka sungazitolenso, n'kukhala m'dimbamo mpaka kalekale.

Tsopano zopala zobiriwira zija. Thabwa lobiriwira motuwa mpaka m'kati ndi lonyikidwa m'mankhwala okhala ndi mkuwa, ndipo ofala kwambiri kuno kummwera kwa Africa ndi CCA, omwe ndi mkuwa, chromium ndi arsenic. Arsenic ndi chiphe chenicheni. Ku America anasiya kugwiritsa ntchito matabwa a CCA pa zinthu zambiri zapakhomo kumapeto kwa 2003, makamaka poganizira ana amene amawagwiragwira. Mapolo a magetsi akuda onunkha phula aja ndi a creosote, nawonso ndi oopsa. Penti wina wamafuta, makamaka wakale, amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ngakhale utachepa. Oyilo wakutha amatuluka mu injini atatenga zitsulo ndi mwaye.

Guluu tizilombo tingathe kumudya. Arsenic, chromium ndi mtovu palibe kachilombo kamene kangazithetse. Mulu wa manyowa ukamapsa umaphwa mpaka kutsala pafupifupi theka, koma zimenezi zimatsala zonse, kutanthauza kuti m'ndowa ya manyowa opsa zachuluka kuposa mmene zinalili m'ndowa ya utuchi. Ukawotcha ndiye zaipiratu: zina zimapita muutsi, zotsala zimaunjikana m'phulusa, phulusa lomwe alimi athu timawauza kuti azithira m'manyowa.

Chikasu chija

Funso la chiphe ndi funso la chikasu ndinazilekanitsa, chifukwa mayiwa anali ataziphatikiza. Maonekedwe a mbewu zija anali a njala ya nayitirojeni. Utuchi uli ndi kaboni wambiri zedi, magawo 300 mpaka 500 pa gawo limodzi la nayitirojeni, pomwe mulu wowola bwino umafuna magawo 25 mpaka 30 okha. Tizilombo towoletsa tikapeza chakudya chochuluka chonchi chopanda ndiwo, timakatenga nayitirojeni paliponse pamene tingamupeze. Ukathira utuchi wosapsa m'bedi, timalanda yemwe mbewu ikanadya. Pa dothi la makande mwina pamakhala kotapa, koma pamchenga wa Freddy uja nkhokwe inali kale yopanda kanthu. Nayitirojeni wa m'guluu alipo ndithu, kungoti ndi womangika, amatuluka mochedwa kwambiri moti mpiru wa masabata ochepa sangamudikire.

Kuti mayiwa aone ndi maso awo, tinatenga mabeseni atatu obooka. Loyamba tinadzaza mchenga wa m'dimba wokha, lachiwiri mchenga wosakaniza ndi manyowa awo aja, lachitatu mchenga wosakaniza ndi manyowa a khola opsa bwino amene tinapempha kwa mnansi. Tinafesa njere za mpiru zofanana kuchuluka n'kuika mabeseniwo pansi pa nimu. Monsemo zinamera nthawi imodzi, ndipo beseni lachiwiri silinatsalire pa kameredwe. Patatha masabata awiri, za m'beseni lachiwiri zinaima n'kuyamba chikasu chomwe chija. Apo tinagawa besenilo pakati, mbali imodzi n'kumathira madzi a zitosi za nkhuku zoviika ndi kusungunula bwino. Sabata isanathe mbali imeneyo inabiriwira, inayo ikadali yachikasu.

Mayiwa anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti inali njala chabe, alangizi?"

Ndinawayankha kuti chikasucho inalidi njala, koma mabeseniwa sanayankhe funso lawo loyamba lija. Mbewu ikhoza kubiriwira bwinobwino pa dothi lokhala ndi mtovu kapena arsenic. Zimenezi sizioneka ndi maso, sizinunkha, ndipo zimafika m'mbale kudzera m'mizu ngakhalenso m'dothi lothovukira pamasamba pothirira. Za ndiwo zimene ana anadya kamodzi zija ndinawalimbitsa mtima kuti asasowe nazo tulo, popeza vuto la zinthu zimenezi limabwera ndi kudya mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali. Ndinawonjezera kuti mwana akadwala apite naye kuchipatala monga mwa nthawi zonse, ndipo akafotokoze nkhaniyi.

Chigamulo changa

Mnzanga wina wa ntchito yomweyi sanagwirizane nane. Iye anati ndikuopseza alimi pachabe, zopala zobiriwira zinali zochepa, ndipo mayi wosauka ngati ameneyu sungamuuze kuti ataye mulu wonse pomwe dothi lake likufa ndi njala. Mfundo yake ndi yomveka, ndipo ndinaiganizira usiku wonse. N'zoona kuti kuthira kamodzi m'mabedi atatu sikungasandutse dimba kukhala manda.

Chimene chinandikanitsa ndi chizolowezi. Dimba la mayiwa ndi laling'ono, ndipo mabedi ndi omwewo chaka ndi chaka. Tikavomereza lero, mwana uja apitiriza kubweretsa matumba, ndipo chimene sichiwola chidzangowonjezekera. Chitsime chawo n'chosaya, chili mapazi ochepa kuchokera pamabedi, ndipo masiku otentha anthu amamwa pomwepo. Ana amasewera m'mchenga womwewo n'kumaika zala m'kamwa. Kuwonjezera apo kuno ndi kuchigwa: chimene wathira m'dimba mwako, madzi akasefukira chimakathera m'dimba la mnzako. Tinaziona mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Pomwe kulekanitsa utuchi kushopu sikulira ngakhale tambala.

Choncho malangizo anga anali akuti utuchi wosesa pansi pa shopu yosakaniza ntchito usalowe m'manyowa a mbewu zodya. Fumbi la MDF kapena chipibodi yopanda chikutiro, likakhala lokha ndiponso lochepa, silingandichititse kugwetsa mulu wonse ngati lagweramo mwangozi. Koma silipindulitsa kanthu, limatseka mpweya, ndipo pashopu zathuzi silipezeka lokha.

Zimene tinachita

Tinazula mpiru ndi repu m'mabedi atatu aja, ndipo ngakhale mbuzi sitinazipatse. Tinapala dothi lapamwamba kuzama ngati chikhatho, poti manyowawo sanawalowetse pansi kwambiri. Dothilo pamodzi ndi mulu wotsala tinazituta pangolo kupita nazo kumtunda, pamalo a makande pomwe madzi osefukira safika, kutali ndi chitsime ndi mjigo. Tinakumba dzenje, kukwirira, n'kutsendera dothi lambiri pamwamba. Ndinawapempha kuti pamenepo pasadzalidwe chodya ndipo asakhale malo otapa dothi lozira nyumba. Mayiwa anafuna kungowotcha kuti ntchito ichepe, koma ndinakana pa zifukwa ndafotokoza kale zija.

Anataya mbande, anataya masabata angapo a malonda, ndipo pamene tinkakweza manyowa pangolo sanayankhule. Miyezi iwiri yotunga madzi kuthirira mulu pa dzuwa la kuno si yochepa. Mabediwo tinawabwezeretsa ndi dothi la m'mbali ndi ndowe zopsa zimene alamu awo anapereka.

Kushopu tinagwirizana zosavuta. Thumba lomanga chingwe choyera ndi la zopala za puleni ndi utuchi wa thabwa laliwisi, losapakidwa kalikonse. Thumba lomanga chingwe chofiira ndi la zina zonse: bodi, penti, vanishi, oyilo, mitengo yonyika. Pocheka bodi amayala chisaka pansi kuti fumbi lisasakanikirane. Chizindikiro chimene ndinaphunzitsa mayiwa n'chakuti bodi sapala ndi puleni. Zopala zopotanapotana, zoyera, zonunkhira mtengo, zachokera ku thabwa lenileni. Fumbi losalala ngati ufa alikane, ndipo chopala chobiriwira, chakuda kapena chapenti chikapezeka ngakhale chimodzi, thumba lonse libwerere.

Zopala zoyerazo sizipitanso pamulu mwachindunji. Zimayamba zagona m'khola la mbuzi kwa masabata angapo kuti zimwe mkodzo ndi kusakanikirana ndi manyowa, chifukwa nayitirojeni wambiri wa chiweto ali mumkodzo, womwe kale unkangolowa pansi. Zikachoka m'khola ndiye timaunjika, ndowa imodzi ya zopala pa ndowa ziwiri za ndowe ndi zobiriwira: masangwi a nyemba ndi khobwe, udzu wauwisi, ndi namasupuni wofota amene mumtsinje wa Shire sasowa. Chinyezi timayesa pofinya m'dzanja, madontho atuluke pakati pa zala koma asachuruluke. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mulu wapamtetete umauma masiku ochepa, n'chifukwa chake tinauika pansi pa nimu n'kuumata ndi dothi monga timachitira ndi manyowa a chimato, kusiya kabowo pamwamba. Mulu wogwira ntchito bwino umafika madigiri 55 mpaka 65 m'kati, ndipo ndodo imatuluka yotentha moti suigwira nthawi yaitali. Wathuwu unatentha pasanathe sabata.

Ndinawachenjezeratu kuti asawerengere miyezi iwiri kapena itatu ngati chimato cha udzu. Mtengo umawola mochedwa, ndipo manyowa okhala ndi zopala amafuna miyezi 6 kapena kuposerapo, kutembenuza ndi kuthirira. Apsa pokhapokha ukafumbata osazindikiranso chopala, ndipo fungo lake likhale la dothi la mvula yoyamba. Asanathire m'mabedi adzayesenso ndi beseni la mpiru lija, poti tsopano akulidziwa.

Zina zimene zinatulukira m'njira

Tsiku limene ndinapita kukaona matumba, ndinapeza mwana wa achemwali awo uja akucheka MDF ndi makina m'kachipinda kopanda zenera. Tsitsi, nsidze ndi mphuno zonse zinali mbuu, maso ofiira, akutsokomola. Ndinakambirana ndi mwini shopu kuti bodi azichekera panja, mphepo ikuchotsa fumbi kumaso kwa wocheka, kuti anyamata azivala zotchinga pamphuno zoyenera fumbi, ndiponso kuti aziwaza madzi pansi asanasese. Za kuchekera panja anavomera tsiku lomwelo. Zotchinga pamphuno anagula, koma anyamata amazivula dzuwa likakwera chifukwa cha kutentha, ndipo ndimawakumbutsa ndikadutsa.

Ndinapezanso kuti zidutswa za mabodi amayi ena amatola kukasonkhezera moto wa mandasi ndi kuwambira milamba, ndipo ena amatenga fumbilo kukatsendera m'mbaula za utuchi. Utsi wa guluu, melamine ndi PVC si woti munthu aziweramira akuphika, ndipo si woti uzilowa mu nsomba. Mwini shopu anati awauza, ndipo zidutswa za bodi tsopano amaziika kuseri osati pakhomo.

Njira imene ikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ya nkhuku. Oweta nkhuku zoyera amatenga utuchi m'mashopu omwewa kukayala m'makola. Anapiye amajompha fumbilo ndi kulipuma, ndipo nkhuku zikagulitsidwa, zoyalazo zimagulitsidwa kwa alimi a madimba ngati manyowa a zitosi. Mlimi amene wakana thumba la chingwe chofiira pakhomo la kalipentala akhoza kuligula ndi ndalama zake kwa woweta nkhuku osadziwa. Pa oweta atatu amene ndayankhula nawo, mmodzi wayamba kuyala mankhusu a mpunga, awiri akuti mayendedwe okatenga mankhusu ndi odula ndipo akupitiriza ndi utuchi, koma avomera kumasankha wa chingwe choyera.

Mulu watsopano wa mayiwa tautembenuza kawiri, zopala zada ndipo zayamba kufumbutuka ukazitikita. Kuseri kwa shopu matumba a chingwe chofiira aunjikana, ndipo mvula isanagwe tiyenera kuwachotsa, chifukwa ngalande yodutsa pamenepo imathira kumadimba. Amfumu atilozera malo kumtunda pafupi ndi dzenje loyamba lija, ndipo anyamata a pashopu alonjeza kukumba Loweruka.